Nambala 22 Imene Kwenikweni Ndi 5

Tiyerekeze kuti pulogalamu imene mumaidalira yaima mwadzidzidzi ntchito ili m'kati. Mwatsegula chida chofufuzira zolakwika, mwachifunsa kuti pamalo akutiakuti m'memori pali chiyani, ndipo chakuyankhani kuti pali 22. Inu mukukumbukira bwino lomwe kuti pamalopo munaikapo 5. Munthu wongoyamba kumene amadumpha ndi chimwemwe akafika pamenepa, poganiza kuti wakuba wagwidwa. Kenako amachezera usiku wonse kusakasaka chimene chasandutsa 5 kukhala 22, mpaka tambala kulira, osachipeza. Sangachipeze chifukwa kulibe. Nambala 22 ija ndi 5 yemwe uja, kungoti wavala yunifolomu ya m'nyumba imene akukhalamo.

Nyumba imene tikunenayi ndi GNU Emacs, pulogalamu yolembera imene Richard Stallman anaitulutsa koyamba mu 1985 ndipo anthu akuigwiritsabe ntchito mpaka lero. Chida chofufuziracho ndi GDB, debugger amene Stallman yemweyo analemba mu 1986. Debugger ndi pulogalamu imene imagwira pulogalamu inzake pamkono, kuiimitsa, n'kukulolani kusuzumira m'memori mwake. Ife tikufuna tione chifukwa chake GDB payekha samva zimene akuona m'kati mwa Emacs, komanso timalamulo tating'ono, totchedwa ma macro, timene olemba Emacs anakonza kuti timuthandize kumva.

Nyumba yosanja

Emacs ili ngati nyumba yosanja. Chipinda chapansi chinalembedwa m'chinenero cha C, ndipo m'menemo ndi mmene muli pulogalamu yomasulira, imene imawerenga malamulo a chinenero china n'kumawachita. Chipinda chapamwamba, chomwenso n'chachikulu, chinalembedwa m'chinenero chinacho, chomwe ndi Lisp. Chinenero cha Lisp n'chachikulire ndithu. Anachiyambitsa ndi John McCarthy pa sukulu ya MIT ku America mu 1958, nkhani yake yochifotokoza inasindikizidwa mu 1960, ndipo Steve Russell ndi amene anayamba kulemba pulogalamu yochimasulira pa kompyuta ya IBM 704.

Cholakwika chikachitika m'chipinda chapamwamba, vuto silikula. Emacs ili ndi zida zake zofufuzira zolembedwa m'Lisp momwemo, monga Edebug, ndipo zimalankhula chinenero chimene wolemba Lisp amachimva. Koma chikasweka ndi chipinda chapansi, monga pamene pulogalamu yakawerenga malo a memori amene sikuloledwa kuwerenga, nyumba yonse imagwa, ndipo Edebug amagwera limodzi chifukwa naye amakhala pamwamba pomwepo. Wotsala ndi GDB, amene amaima kunja. Tsono GDB amadziwa C. Za Lisp sadziwa kalikonse.

Kusiyana kwa zinenero ziwirizi ndiye gwero la nkhani yonse. M'chinenero cha C, wolemba amaneneratu kuti malo awa ndi a nambala, awa ndi a zilembo, ndipo malowo sasinthanso. Zili ngati zitini za m'khitchini zimene mayi anazilemba kunja kuti shuga, mchere, soda. GDB amangowerenga zolembedwa kunjazo n'kudziwa zimene zili m'kati. M'Lisp zitini sizilembedwa. Dzina limodzi lomwelo m'mawa lingasunge nambala, masana mawu, madzulo mndandanda wa zinthu zikwi ziwiri. Choncho chizindikiro chiyenera kukhala pa katunduyo, osati pa chitini. Kwa C, katundu yense wa Lisp ali ndi dzina limodzi, Lisp_Object, ndipo pa makompyuta ambiri a masiku ano ndi nambala imodzi ya mabiti 64. Mungafunse GDB za mawu, za mndandanda, kaya za windo lonse la Emacs, iye akupatsani nambala basi. Nthawi zambiri amailemba m'kawerengedwe kotengera 16, moti 22 wathu uja amaoneka kuti 0x16.

Gawani ndi 8, muone chotsala

Kodi nambala imodzi inganene bwanji zinthu ziwiri, mtundu wa katundu komanso kumene katunduyo ali? Apa ndi pamene ife timaona kuti olemba Emacs anachenjera. Katundu wa Lisp amaikidwa m'memori pa maadiresi amene amagawika ndi 8 popanda chotsala: 1000, 1008, 1016, motero. M'kawerengedwe ka kompyuta ka 0 ndi 1, zimenezi zikutanthauza kuti mabiti atatu omaliza a adiresi iliyonse amakhala 000 nthawi zonse. Ndi malo ongokhala, ngati kam'mphepete ka munda kamene sikanadzalidwe. Olemba Emacs anadzalapo chizindikiro. Mabiti atatu amatha kulemba manambala kuyambira 0 mpaka 7, ndiye pali zizindikiro zisanu ndi zitatu.

Pa kompyuta wamba ya mabiti 64, Emacs ya masiku ano imazigawa motere. Chotsala chikakhala 0, chinthucho ndi dzina, limene iwo amati Lisp_Symbol. Chikakhala 3, ndi cons, kabokosi ka zipinda ziwiri kamene tikafotokoze posachedwapa. 4 ndi mawu, Lisp_String. 7 ndi nambala ya madesimo. 5 ndi thumba la tambwali: m'menemo analongamo ma vector, ma buffer, mawindo, ma hash table ndi zina zambiri, ndipo kuti mudziwe chenicheni muyenera kupita pa adiresiyo n'kuwerenga chizindikiro chachiwiri chimene chili pamutu pa chinthucho. 1 pakali pano sagwira ntchito. Motero mukaona 1003, mugawe ndi 8. Yankho ndi 125, kutsala 3. Ndiye kuti ndi cons, ndipo ali pa adiresi 1000. Mukaona 2004, chotsala ndi 4, ndi mawu amene ali pa adiresi 2000.

Tasiya dala 2 ndi 6, chifukwa onse awiri ndi a manambala athunthu. Nambala yathunthu yaing'ono siisungidwa kwina n'kumailoza ndi adiresi ayi, imakhala m'mabiti 64 momwemo. Emacs imaichulukitsa ndi 4 n'kuwonjezera 2. Tengani 5: kuchulukitsa ndi 4 ndi 20, kuwonjezera 2 ndi 22. Ndi ameneyotu mlendo wathu uja. Tengani 4: mupeza 18. Mukagawa 18 ndi 8 kutsala 2, mukagawa 22 ndi 8 kutsala 6. Popatsa manambala zizindikiro ziwiri m'malo mwa chimodzi, olemba Emacs anapulumutsa biti imodzi, ndipo nambala imakhala ndi malo a mabiti 62 m'malo mwa 61. N'chifukwa chake mukafunsa Emacs za most-positive-fixnum imakuyankhani 2305843009213693951.

Ife amene tikuphunzira uphunzitsi tinachita chidwi ndi chinthu chimodzi apa. Masamu onsewa ndi kugawa ndi kutsalira, zimene mwana wa ku pulayimale amachita pa sileti. Mungalembe manambala asanu pa bolodi, 22, 1003, 2004, 0 ndi 18, n'kuuza kalasi kuti ipeze mtundu wa chilichonse, magetsi alipo kaya palibe.

Kumuphunzitsa GDB

Kuwerengera pamanja n'kosangalatsa kamodzi kapena kawiri. Koma maadiresi enieni si 1000 ayi, amakhala ataliatali, a zilembo khumi ndi ziwiri za kawerengedwe ka 16, ndipo munthu amene akusaka cholakwika angafunike kumasulira manambala otere mazana angapo usiku umodzi. Mwamwayi GDB amalola kuti mumuphunzitse malamulo atsopano. Mumalemba mawu akuti define, dzina limene mwasankha, zimene mukufuna azichita, n'kutseka ndi end. Ameneyo ndiye macro. Nayu wathu amene tapeka tokha:

define mtundu
  print (long) $arg0 & 7
end

Apa $arg0 akuimira chinthu chimene mwalemba patsogolo pa dzina la lamulolo, ndipo & 7 akutanthauza kuti tengani mabiti atatu omaliza okha, zomwe ndi chimodzimodzi kugawa ndi 8 n'kusunga chotsala. Mukalemba mtundu 1003, GDB ayankha 3. Macro woyamba watha pamenepo.

Olemba Emacs anachita zomwezi, koma mwakhama komanso kwa zaka zambiri. Ma macro awo ali m'fayilo yotchedwa .gdbinit, m'foda ya src, ndipo malangizo a kagwiritsidwe kake ali m'fayilo ya etc/DEBUG. Pansi pa onsewo pali atatu amene amagwira ntchito ya kuseri: xgettype amatola chizindikiro, xgetptr amafufuta chizindikiro kuti patsale adiresi, xgetint amagawa ndi 4 kuti patsale nambala. Pamwamba pa atatuwa anamangapo amene munthu amalemba ndi zala zake. Lamulo la xtype limanena mtundu, ndipo m'malo mwa 3 limalemba Lisp_Cons. Likapeza kuti ndi thumba la tambwali lija, limapitiriza lokha n'kukuuzani ngati ndi PVEC_BUFFER, PVEC_WINDOW kapena china. Mukadziwa mtundu mumasankha lamulo loyenera: xint, xsymbol, xstring, xcons, xfloat, xbuffer, xwindow, ndi ena otero.

Chimene chimasokoneza ambiri poyamba n'chakuti malamulo amenewa simuwauza chinthu choti aone. Mumangolemba xtype basi. Chinsinsi chake n'chakuti GDB amasunga yankho lililonse limene wapereka, kuwapatsa manambala $1, $2, $3, ndipo chizindikiro cha $ chokha chimaimira yankho lomaliza. Ma macro a Emacs amagwira ntchito pa yankho lomalizalo. Ndiye mumayamba ndi print, kenako n'kumafunsa mafunso okhudza chimene chatulukacho.

Kuyenda ndi mndandanda

Tiyese ndi mndandanda wa zinthu ziwiri, nambala 5 ndi mawu akuti Malaŵi. M'Lisp umalembedwa kuti (5 "Malaŵi"). Tigwiritsa ntchito maadiresi afupiafupi opeka kuti masamu aoneke.

M'Lisp mndandanda umalukidwa ndi ma cons. Cons aliyense ali ndi zipinda ziwiri. Choyamba chimatchedwa car ndipo chimasunga chinthu chimodzi, chachiwiri chimatchedwa cdr ndipo chimaloza kumene mndandanda ukupitirira. Mayina achilendowa alibe chochita ndi galimoto. Anachokera ku IBM 704 ija, imene inkasunga zinthu m'magulu a mabiti 36, ndipo m'gulu lililonse munali zigawo ziwiri za mabiti 15, china chotchedwa address, china decrement. Chilembo a cha mu car ndi d cha mu cdr zinachokera pamenepo. Kompyutayo inasiya kugwira ntchito kalekale, koma mayina anatsala, monga momwe mudzi umasungira dzina la mtengo umene unadulidwa agogo athu ali ana.

Tayamba ndi print, ndipo GDB watipatsa $1 = 1003. Talemba xtype, wayankha Lisp_Cons. Talemba xcar, ndipo macro wapita pa adiresi 1000 n'kutibweretsera zili m'chipinda choyamba, 22. Tsopano yankho lomaliza ndi 22, ndiye xtype akuti Lisp_Int1, xint akuti 5. Kuti tione chipinda chachiwiri tiyenera kubwerera kaye, chifukwa $ wasuntha. Tilemba print $1, kenako xcdr, ndipo tapeza 1019. Kugawa ndi 8 kutsala 3, ndi cons wina pa adiresi 1016. Car wake ndi 2004, mawu. Cdr wake ndi 0.

Ziro ameneyu ndi wofunika kumudziwa. Chotsala chake ndi 0, ndiye ndi dzina. Mayina mu Emacs sawerengedwa ndi adiresi yeniyeni, koma ndi mtunda kuchokera pachiyambi pa gome lotchedwa lispsym, ndipo dzina loyamba pa gomelo ndi nil, limene m'Lisp limatanthauza mndandanda wopanda kanthu komanso kuti ayi. Mtunda wake ndi 0. Ndiye ziro akutiuza kuti mndandanda wathera pano. Dzina lachiwiri pa gomelo ndi t, kutanthauza inde, ndipo m'malipoti ambiri a zolakwika mudzaliona litalembedwa 0x30, yemwe ndi 48, chifukwa dzina lililonse limatenga mabaiti 48.

Tibwerere pa 2004 ndipo tilembe xstring. Pa adiresi 2000 palibe zilembo zenizenizo, pali kachikalata konena za mawuwo: kutalika kwake ndi adiresi ina kumene zilembo zili. Kutalikako kumalembedwa kawiri. Size ndi 6, size_byte ndi 7. Munthu wosadziwa angaganize kuti wapezanso cholakwika, koma ife olankhula Chichewa tiyenera kukhala oyamba kuzindikira chifukwa chake. Mawu akuti Malaŵi ali ndi zilembo zisanu ndi chimodzi, koma Emacs imasunga zilembo m'njira yochokera ku UTF-8, ndipo m'njira imeneyi ŵ amatenga mabaiti awiri pamene zilembo zinazo zimatenga imodzi imodzi. Macro wa xstring amadziwa zimenezi ndipo amawerenga mabaiti 7. Akanawerenga 6, chilembo chomaliza chikanaduka.

Ulendo wonsewu pali njira zoufupikitsira. Lamulo la xpr limayamba laona mtundu n'kusankha lokha macro woyenera, ndipo xlist limayenda ndi mndandanda, koma limaima likawerenga zinthu khumi. Malire amenewa ndi anzeru, chifukwa m'Lisp n'zotheka kuti cdr womaliza aloze koyambirira, mndandanda n'kukhala ngati mkanda, ndipo macro wopanda malire angazungulire mpaka kalekale.

Njira yachidule ndi mtengo wake

Wina afunsa kuti, bwanji osangouza Emacs yomweyo kuti itilembere chinthucho? Pajatu iyo ndi imene imadziwa Lisp. Funsoli n'labwino, ndipo njira yotero ilipo. Malamulo a pp ndi pr amachita zimenezo, ndipo pv amaonetsa zimene dzina la Lisp lasunga. GDB amadzutsa Emacs yoimitsidwayo kwa kanthawi, kuiuza kuti iyendetse kagawo kake kolembera zinthu, ndipo pa sikirini pamatuluka (5 "Malaŵi") mwaukhondo, kamodzi n'kamodzi. Poyerekeza ndi ulendo tayenda uja, zili ngati kukwera minibasi m'malo moyenda pansi. Pamene Emacs ili bwinobwino ndipo mwangoiimitsa kuti muone zimene ikuchita, palibe chifukwa chodzivutitsira, gwiritsani ntchito pp.

Komatu chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kusiyana kwa magulu awiriwa n'kwakukulu kuposa mmene kumaonekera. Ma macro monga xtype, xcons ndi xstring amangowerenga memori, sayendetsa chilichonse m'kati mwa Emacs. Koma pp amatuma wodwalayo kuti adzuke akadzitengere yekha mankhwala. Ngati Emacs yagwa chifukwa choti zinthu zake zam'kati zawonongeka, kagawo kolembera kaja kangatsatire adiresi yovunda n'kugwanso kachiwiri, GDB ali m'kati mofunsa. Zikatero mwasokoneza malo a ngozi musanawajambule. Ndipo pali zolakwika zina zimene zimaoneka kamodzi pa mwezi, popanda njira yodziwika yozibweretsanso. Kutaya umboni wa cholakwika chotere chifukwa cha changu cha masekondi awiri n'kowawa. Fayilo ya etc/DEBUG imachenjeza za zimenezi momveka bwino.

Palinso nthawi imene pp sagwira n'komwe. Pulogalamu ikagwa, kompyuta ikhoza kusunga chithunzi cha memori yonse m'fayilo yotchedwa core. GDB amatha kutsegula fayiloyi mawa kapena sabata yamawa, koma m'menemo mulibe Emacs yamoyo yoti ituluke kukagwira ntchito. Ndi chithunzi chabe. Otha kuchiwerenga ndi ma macro ongowerenga aja. Ife tikuona kuti pa chifukwa chimenechi munthu ayenera kuphunzira njira yapansi poyamba, ngakhale kuti masiku ambiri azidzakwera minibasi.

Macro amakukhulupirirani

Ma macro ongowerengawa nawonso ali ndi msampha wawo, ndipo ndi woopsa chifukwa suchita phokoso. Ambiri mwa iwo safunsa ngati mwasankha lamulo loyenera. Mukalemba xint pa 1003, macro sakana kuti ameneyu ndi cons. Amagawa ndi 4 n'kukupatsani 250. Nambala 250 imaoneka yabwinobwino, ikhoza kukhala malo a chilembo m'kalata kapena kutalika kwa mzere, ndipo munthu angamange nkhani yonse pamwamba pa nambala yabodzayi. Mukalemba xstring pa 1003 yemweyo, macro apita pa adiresi 1000, atenga car n'kumuyesa kutalika kwa mawu, atenga zinthu zoyandikana nazo n'kuziyesa adiresi ya zilembo, ndipo akupatsani zinyalala kapena uthenga wakuti memori imeneyo siwerengeka. Apa bola, chifukwa mwadziwa kuti mwalakwitsa. Ma macro a xcar ndi xcdr amayamba aona mtundu, koma chinthucho chikakhala kuti si cons amangolemba 0, ndipo taona kale kuti 0 amawerengedwa nil. Wopupuluma anganene kuti mndandanda ndi wopanda kanthu pamene sunali mndandanda n'komwe. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. M'ntchito iyi kudekhako ndi kulemba xtype musanalembe china chilichonse.

Msampha wina umabwera ndi wotolera zinyalala. Pulogalamu ya Lisp imapanga ma cons ndi mawu ambirimbiri amene amagwira ntchito kanthawi n'kuiwalika. McCarthy ndi amene anayambitsa nzeru yoti kompyuta izitolera yokha malo oterewa. Njira imene Emacs yakhala ikugwiritsa ntchito ili ndi mbali ziwiri: choyamba kuika chidindo pa chilichonse chimene chikufunikabe, kenako kusesa zopanda chidindo. Pa mawu ndi ma vector, chidindocho chimaikidwa pa biti yapamwamba kwambiri ya size, yomwenso ndi biti yosonyeza ngati nambala ili pansi pa ziro. Ndiye Emacs ikagwa kutolera kuli m'kati, ndipo zolakwika zambiri za memori zimaonekera nthawi imeneyi, mawu athu a zilembo 6 angaoneke kuti kutalika kwake ndi -9223372036854775802. Woona ndi maso wamba anganene kuti mawuwa awonongeka. Sanawonongeke, angodindidwa. Ma macro a mu .gdbinit amachotsa chidindocho, chimene dzina lake ndi ARRAY_MARK_FLAG, asanagwiritse ntchito size. Ndi tinthu ngati timeneti timene timasiyanitsa macro wathu wa mizere itatu uja ndi ma macro amene apsa ndi zaka.

Ndani anaitana ndani

Kudziwa zimene zili m'kabokosi kamodzi sikukwanira. Wofufuza amafunanso kudziwa njira imene pulogalamu inadutsa kuti ifike pamene yagwera. GDB ali ndi lamulo la bt limene limandandalika ma function a C amene anaitanizana. Mu Emacs mndandanda umenewu umagwetsa ulesi: Ffuncall, eval_sub, exec_byte_code, Ffuncall kachiwiri, mobwerezabwereza mizere makumi angapo. Ndi zoona zonsezo, koma zili ngati kufunsa mboni kuti panachitika chiyani iyo n'kumayankha kuti munthu wina anatuma munthu wina amene anatumanso munthu wina. Mayina enieni, a ma function a Lisp, abisika m'manambala aja.

Macro wa xbacktrace ndi amene amawavundukula. Emacs imasunga kaundula wakewake wa ma function a Lisp amene ali m'kati mogwira ntchito, pamalo otchedwa specpdl, ndipo macro ameneyu amayenda m'kaundulamo n'kumalemba dzina lililonse. Fayilo ya .gdbinit inakonzedwanso kuti mukalemba bt, mndandanda wa Lisp uzitsatira wokha pansi pake. Kufunika kwake kumaoneka pa uthenga umene Emacs imakonza munthu akalemba M-x report-emacs-bug: umapempha kuti ngati Emacs yagwa ili m'manja mwa GDB, wotumiza aikemo zotuluka pa bt full ndi xbacktrace. Okonza Emacs ndi anthu ongodzipereka, obalalika m'mayiko osiyanasiyana, ndipo sangabwere kudzaona kompyuta yanu. Lipoti longoti Emacs yagwa silingawathandize. Lipoti lokhala ndi mindandanda iwiriyi limawalozera mzere weniweni.

Musanayambe

Kwa amene angafune kuyesa, pali zopunthwitsa ziwiri pakhomo penipeni. Choyamba, Emacs imene mumangoika pa kompyuta yokonzeratu inamangidwa kuti izithamanga, ndipo pomanga motero compiler amasuntha ndi kufufuta zinthu zambiri, moti GDB amangoyankha kuti optimized out. Muyenera kuimanga nokha ndi -O0 -g3, ndiye kuti osaifulumizitsa komanso kusunga mayina onse. Chachiwiri, GDB wa masiku ano sawerenga .gdbinit iliyonse imene waipeza m'foda, poopa kuti wina angabisemo malamulo oipa. Muyenera kumuloleza ndi add-auto-load-safe-path, kapena kulemba nokha source .gdbinit muli m'foda ya src. Mukalemba xtype n'kuyankhidwa kuti lamulolo silikudziwika, vuto nthawi zambiri limakhala limeneli. Fayiloyi ikawerengedwa ndi GDB wokhala ndi Python, mupeza kuti 22 uja tsopano akulembedwa make_fixnum(5), ndipo zinthu zina zikulembedwa XIL ndi nambala yake. Manambala athunthu ndiye apepukiratu, koma zinazo zikufunabe xtype.

Onetsetsaninso kuti .gdbinit ndi ya Emacs yomweyo imene mukufufuza. Ma macro ndi mapu a m'kati mwa nyumba, ndipo nyumbayi imakonzedwa kawirikawiri. Nil sanali 0 kuyambira kale, anakhala 0 mu Emacs 25. Chizindikiro 1, chimene tati sichigwira ntchito, chinali cha mtundu wotchedwa Lisp_Misc mpaka Emacs 27, imene inatuluka mu 2020, pamene zinthu za mtunduwo monga ma marker zinasamutsidwira m'thumba la 5. Mu Emacs 27 yomweyo munabweranso manambala aakulu opitirira malire a mabiti 62, ndipo nawo anapita m'thumba lomwelo, moti nambala yathunthu yaikulu kwambiri xtype amaitchula PVEC_BIGNUM, ndipo xint sangaiwerenge. Mapu akale pa nyumba yatsopano angakupatseni mayankho ooneka abwino koma abodza.

Vutoli si la Emacs yokha. Python imene ambiri timaidziwa nayonso pansi pake pali C, ndipo olemba ake ali ndi malamulo awo a GDB monga py-bt ndi py-print. Iwo sanabise chizindikiro m'mabiti omaliza a adiresi, anachiika pamutu pa chinthu chilichonse, koma GDB amafunabe womasulira. Kwa ogwiritsa ntchito LLDB, debugger wofala pa makompyuta a Apple, Emacs 29 ya mu 2023 inabwera ndi fayilo ya etc/emacs_lldb.py yogwira ntchito yofananayo.

Amene alibe nthawi yomanga Emacs angathe kungotsegula src/lisp.h n'kufufuza mawu akuti enum Lisp_Type. Manambala onse tatchula aja, kuyambira 0 mpaka 7, ali pamenepo. Kenako ayese okha pa pepala: GDB akalemba 0x192, imeneyo ndi 402, ndipo 402 kugawa ndi 8 kutsala 2. Chotsani 2, gawani ndi 4, mupeza 100.